Lilongwe mpaka London pa Ethiopian Airlines, mmene ndinaionera

Amene mumafunsa kuti ku London ndi maawala angati pandege, dziwani kaye kuti kuchoka ku Malawi kulibe ndege ya dayirekiti, muyenera kusintha penapake basi, kaya ku Addis Ababa, Nairobi kapena Joni. Ine ndinadzera ku Addis ndi Ethiopian ndipo kunena zoona sindikudandaula.

Mtunda wake kuchoka Lilongwe kufika London ndi makilomita pafupifupi 8,000, koma podzera ku Addis umakwerako kufika cha m'ma 8,500. Kuchoka pa KIA kukatera pa Bole, bwalo la ndege la ku Addis, ndi maawala pafupifupi 4, kenako Addis mpaka Heathrow pafupifupi 8, ndiye mumlengalengamo mumakhalamo maawala 12 koma ulendo wonse mukaphatikiza kudikira ndi kuchekina umadya pafupifupi tsiku lathunthu. Chosokoneza ndi nthawi zolembedwa patikiti, yonyamukira ndi ya komwe mukunyamukirako, yofikira ndi ya komwe mukuterako. Addis ili patsogolo pathu ndi awala imodzi pomwe London ili m'mbuyo ndi maawala awiri nthawi yozizira, imodzi nthawi yotentha, ndiye mukangochotsera mmene zalembedweramo mupeza zabodza.

Pa Bole ndi pomwe pamafunika mtima. Mumafika madzulo, ya ku London imanyamuka pakati pausiku, ndipo Addis ili pamwamba kwambiri, kupitirira mamita 2,300, usiku kumazizira ngati Dedza mu June, juzi isakhale mu sutikesi ayi ikhale m'manja. Mumadutsanso pa sekyulite kachiwiri, lamba kuvula, laputopu kutulutsa, anthu ali mbwee ochokera mbali zonse za Africa aliyense akuthamangira geti yake. Yang'anani pa sikirini pafupipafupi, osangokhala phee pa foni.

M'ndegemo zakudya amapereka zotentha, nkhuku kapena nsomba, ndipo khofi wawo ndiye sitikambirana, ndi kwawo kwa khofi kumeneko. Ka TV kapampando kalipo, bulangete nalo amapereka. Koma maawala 8 mutakhala malo amodzi si masewera, mapazi amatupa mpaka nsapato kuthina, pemphani mpando wa m'mphepete mwa kanjira kuti muzidzuka osavutitsa anzanu.

Chimene chinandigula kwambiri ndi katundu, tikiti yanga inali ya zikwama ziwiri za 23kg chilichonse, ndiye mpunga wa Kilombero, ufa, Nali ndi mtedza wa abale zonse zinakwana. Nyama ndi za mkaka zokha musayerekeze, ku UK saloleza. Kutera m'mawa pa Terminal 2 nakonso n'kwabwino, masitima amakhala ayamba kuyenda, mumakwera Piccadilly kapena Elizabeth line osavutitsa munthu kudzakutengani usiku.

Tikiti gulani kukadali miyezi, makamaka ya December, mukachedwa mtengo wake mudzalira.