Miyezi 9 ndikuonera Miss Marple wa Margaret Rutherford

Papita miyezi 9 chigulireni bokosi la ma DVD anayi a mafilimu a Miss Marple, mayi wachikulire wofufuza milandu wa m'mabuku a Agatha Christie, momwe akusewera ndi Margaret Rutherford. Ndinaligula m'sitolo ya kaunjika kuno ku Leeds, ndipo sabata yoyamba ija ndinalemba kuti ndi mafilimu ongoseketsa, abwino kuonera ukaweruka kuntchito uli wotopa. Mawu amenewo ndikufuna ndiwakonze, chifukwa tsopano ambiri mwa iwo ndawaonera kanayi kapena kasanu, ndipo sindikuwaonanso momwe ndinawaonera poyamba.

Mafilimuwa ndi Murder, She Said wa 1961, Murder at the Gallop wa 1963, kenako Murder Most Foul ndi Murder Ahoy! onse awiri a 1964. Anawatsogolera ndi George Pollock, zithunzi zake n'zakuda ndi zoyera, ndipo iliyonse imatha pafupifupi ola ndi theka.

Yoyambayo ndiyo yandigwira mtima kwambiri. Miss Marple ali m'sitima, akuwerenga buku lake. Sitima ina ikudutsa pambali, ndipo pazenera akuona munthu akupotola khosi mzimayi. Akauza woyang'anira matikiti, iye angoyang'ana bukulo n'kuganiza kuti agogowa amalota. Apolisi nawo afufuza pang'ono, osapeza mtembo, n'kuitseka nkhaniyo. Ndiye mayiwa avala zovala za anthu okonza njanji, ayenda m'mbali mwa njanji kusakasaka, mpaka akalembedwa ntchito ya m'nyumba pa banja lolemera la Ackenthorpe kuti afufuze bwino. Ulendo woyamba ndinaseka zovalazo, kayendedwe kawo, ndi chibwano chija chimene chimanjenjemera akakwiya. Ulendo wachitatu ndi pamene ndinazindikira kuti iwo saseka ngakhale kamodzi pa zimene ife tikusekazo. Kwa iwo munthu wafa, ndipo palibe amene akufuna kumva chifukwa wonenayo ndi nkhalamba. Phwete lonse likuchokera pamenepo. Akanakhala kuti akudzipanga chitsiru dala, bwenzi nditatopa nawo mwezi woyamba.

Ndimagwira ntchito yosamalira okalamba, ndipo nkhope imene wapolisi wa m'mafilimuwa, Inspector Craddock, amaonetsa akamamvetsera Miss Marple ndimaidziwa bwino. Ndi nkhope yaulemu, koma khutu lili kwina. Ndaionapo pa anthu ambiri, ndipo filimuyi yandichititsa kuti ndizidziyang'anira ndekha agogo akamandiuza kuti chinachake sichili bwino. Charles Tingwell anasewera gawo limeneli mosamala: si wapolisi wopusa ayi, ndi munthu wanzeru amene anagamula kale kuti mayiyu sangamuphunzitse kanthu.

Wina amene ndinamupeputsa poyamba ndi Mr Stringer, mnzawo wa Miss Marple, wamantha, wa ku laibulale. Munthu ameneyu mulibe m'mabuku a Agatha Christie. Anamuikamo kuti asewere Stringer Davis, mwamuna weniweni wa a Rutherford. Mukadziwa zimenezi mumayamba kuona momwe amawayang'anira akamakwera poopsa kapena akamalowa m'chipinda cha mdima. Nkhawa ija sioneka ngati yoyeserera.

Murder at the Gallop imabwera pachiwiri kwa ine. Muli akavalo, muli Robert Morley wodzikuza bwino, ndipo muli gule wa twist amene a Rutherford anavina ali ndi zaka pafupifupi 70, poti anabadwa mu 1892. Murder Most Foul imayamba mwamphamvu: m'gulu la anthu wamba oikidwa kugamula mlandu wakupha, iwo okha akukana kuti woimbidwa mlanduyo ndi wolakwa, uku akuluka juzi m'khothi momwemo. Pakati pake, atalowa gulu la zisudzo, nkhani imayenda pang'onopang'ono, koma Ron Moody amaidzutsa.

Murder Ahoy! yokha ndiyo yazirala. Sabata yoyamba ndinaitama kwambiri chifukwa cha nkhondo ya malupanga ya kumapeto, ndipo mpaka pano gawo limenelo ndimalikonda. Koma zotsalazo, za m'sitima yapamadzi ndi kapitawo wake wosokonezeka, n'zaphokoso chabe. Nkhani yake sinachokere m'buku la Christie, anachita kuilemba ena, ndipo zimamveka. Ndaionera kawiri kokha.

Okonda mabuku achenjere. Miss Marple wa m'mabuku ndi wofatsa, amakhala pansi n'kumamvetsera; uyu ndi wamphamvu, wolamula, wokwera mipanda. Mafilimu awiri apakatiwo anawatenga m'mabuku amene wofufuza wake ndi Hercule Poirot, n'kumuchotsa. Christie mwiniwake sanakondwere nawo mafilimuwa, ngakhale kuti buku lake lina la 1962 analipereka mwaulemu kwa a Rutherford. Ine sindinavutike nazo, koma mnzanga amene anawerenga mabukuwo anasiyira panjira.

Za ma DVD enieniwo: chithunzi n'choyera bwino pa TV yamakono, ndipo nyimbo ya Ron Goodwin yotsegulira imamveka bwino, mwina mopitirira, chifukwa imakhala m'mutu tsiku lonse. Chimbale chimodzi chinayamba kudumpha patatha miyezi itatu, koma chinabwera chokandika kale, nditachipukuta chinasiya. Chingerezi chake ndi chachikale ndiponso chothamanga, makamaka James Robertson Justice, wosewera bambo Ackenthorpe, akamakalipa ali pabedi, choncho miyezi yoyambirira ndinkayatsa mawu olembedwa pansi. Ngati mukufuna kutumiza kumudzi, kumbukirani kuti makina ambiri amawerenga zimbale za chigawo chawo (Region) chokha: ma DVD a ku Britain ndi a Region 2, chimodzimodzi ku South Africa, pomwe Malawi ndi Zambia zili mu Region 5. Funsani kaye ngati makina awo amawerenga zimbale za kulikonse.

Mwezi wathawu ndinatenga Murder, She Said kukaonetsa kuntchito masana a Lamlungu. Agogo ena amene nthawi zambiri salankhula analoza TV n'kunena kuti mayi woyeretsa m'khitchiniyo ndi Joan Hickson, amene anadzakhala Miss Marple pa BBC kuyambira 1984. Ine ndinali nditaionera kanayi osamuzindikira. Apempha kuti Lamlungu likubwerali ndibweretse ya akavalo ija.