Mbaula ya gasi imene ndinagula ku Chitakale

Ndinaigula pa shopu ina ku Chitakale mwezi wa Juni, chiperoni chitavuta, nkhuni zonse zili zonyowa, mayi a kunyumba akutsokomola usiku wonse chifukwa cha utsi. Silinda ya makilogalamu 6 imatifikitsa milungu itatu tikamaphikira nsima ndi tiyi basi. Nyemba timaphikabe pa makala.

Mnyamata wogulitsayo ndimuyamikire. Anapaka thovu la sopo polumikizira paipi kuti ndione ngati gasi akutuluka, n'kunena kuti, "Bambo, pophika muzitsegula zenera." Koma nditabwererako kukadandaula kuti kafungo ka gasiyo kamandipweteketsa mutu, anangoti muzolowera. Pamenepo sanandikhutiritse.

Nkhawa yanga ili ndi gwero. Mphwanga amakhala ku Pennsylvania, ku America, kumene amapopera madzi, mchenga ndi mankhwala pansi mwamphamvu kuti thanthwe ling'ambike, gasi atuluke. Amati fracking. Oyandikana ndi zitsime za gasizo amadandaula mutu, chifuwa ndi kamfuno, ndipo pamalo ena otere mumpweya munapezeka benzene, yemwe amayambitsa khansa ya m'magazi. Boma la New York, ku America komweko, linalengeza zoletsa njirayi mu 2014 poopa matenda.

Chifuwa cha mayi chachepa ndithu, ndipo mbaulayi sindingaibweze. Koma silinda imagona m'khitchini ya panja, kutali ndi kumene kumagona adzukulu.