Miyezi 8 chichotsereni chithokomiro: nyenyezi 4 mwa 5

Anandipeza ndi khansa ya chithokomiro ya mtundu wa papillary, ndipo anachotsa chithokomiro chonse. Ndadikira miyezi 8 ndisanalembe ndemanga iyi ya adokotala ndi chipatala chimene chinandichita opaleshoni chifukwa mavuto a opaleshoni imeneyi saonekera tsiku lotuluka m'chipatala.

Adokotala anandigwira mtima tisanalowe n'komwe ku fiyeta. Nditawafunsa kuti amachita maopaleshoni otere kangati pachaka, sanakwiye. Anayankha, n'kujambula khosi papepala. Anandionetsa mtsempha woyendetsa mawu umene umadutsa kuseri kwa chithokomiro, komanso tizigawo tinayi, tating'ono ngati njere, totchedwa parathyroid, timene timasunga mlingo wa kashiamu m'magazi. Anati mtsemphawo ukakhudzidwa mawu amasasa, tizigawoto tikasokonezeka kashiamu amatsika, ndipo kwa ambiri zimatha pakapita milungu kapena miyezi, koma kwa ochepa zimakhalitsa. Kunena zoona, mantha anachepa chifukwa sanandibisire kanthu.

Usiku woyamba anamwino ankabwera pafupipafupi kudzaona ngati khosi likutupa, poti magazi akaundana mkati amatha kutseka mpweya. Sizinachitike. Mawu anasasa ndithu, ndipo ndikalankhula nthawi yaitali ankathawa. Anabwerera patatha milungu 6, ngakhale kuti kuimba mokweza kukundivutabe.

Nyenyezi imodzi ndachotsa chifukwa cha tsiku lotuluka. Anandipatsa levothyroxine (mankhwala olowa m'malo mwa mahomoni amene chithokomiro chinkapanga) ndi mapiritsi a kashiamu mothamanga, osanena kuti awiriwa samwedwa limodzi. Tsiku lachitatu milomo inachita dzanzi, zala zikunyerenyetsa, kenako dzanja linayamba kukokana. Ndinaimba foni kawiri osayankhidwa, mtima uli m'mwamba, mpaka ndinangobwerera kuchipatala. Atayeza magazi anapeza kashiamu watsika, n'kundiwonjezera mlingo pamodzi ndi vitamini D. Patapita milungu ingapo, ndi pamene wina anandifotokozera kuti levothyroxine amamwa m'mawa m'mimba mulibe kanthu, ndipo kashiamu azidikira maola 4, apo ayi levothyroxine salowa bwino m'thupi. Kapepala kamodzi kolembedwa bwino, kokhala ndi nambala yoyankhidwa usiku, kakanakwanira.

Kashiamu ndinasiya mwezi wachitatu magazi atakhala bwino. Chipsera chagona mumkwinya wa khosi moti anthu sachiona. Adokotalawa ndingawatumizire m'bale wanga, koma ndingamuuze kuti asatuluke pakhomo la wodi asanalembetse ndondomeko ya mapiritsi ake.