Mavidiyo a dzanja lojambula pa bolodi: zomwe ndaona patatha miyezi 8

Miyezi 8 yapitayo ndinalipira pulogalamu ya pa kompyuta yopangira mavidiyo aja oonetsa dzanja likujambula pa bolodi yoyera, uku munthu akufotokoza. Ndimagwira ntchito ndi makalabu a alimi komanso magulu a banki m'khonde ku Mchinji, ndipo uthenga wambiri timautumiza pa WhatsApp. Masiku oyamba ndinkaona ngati ndatola nkhwangwa ndi mpini womwe. Lero ndimaigwiritsabe ntchito, koma mwa apo ndi apo.

Mavidiyo a mtunduwu anatchuka cha m'ma 2010 ndi RSA Animate, mndandanda wa mavidiyo wa bungwe lina la ku London. Wojambula wake, Andrew Park, ankajambuladi ndi dzanja lake, chithunzi chilichonse n'kumatsata zomwe wolankhula akunena. Pulogalamu siikupatsa luso limenelo. Imangokupatsa zithunzi zojambulidwa kale, ndipo m'menemo mwadzaza anthu a masuti, mathirakitala ndi nyumba zosanja. Khasu, nkhokwe, mayi wobereka mwana ndi chitenje, ndinasaka mpaka kutopa. Mapeto ake ndinkalipira mnyamata wina kuti azindijambulira, ndalama yomwe sindinaiganizire poyamba.

Pomwe yandithandiza ndi pa nkhani za masamu. Kufotokoza masheya, chiwongoladzanja ndi m'mene gulu limagawanirana ndalama pakutha pa chaka kumayenda bwino manambala akamatuluka imodziimodzi. Komanso vidiyo yake ndi yopepuka, siidya bandulo.

Koma inandigwiritsa mwala pa nkhani ya mbozi ya fall armyworm, yomwe inafika m'dziko muno m'nyengo ya ulimi ya 2016/17. Mlimi amaizindikira ndi chizindikiro chonga chilembo Y chozondoka pamutu, timadontho tinayi takuda chakumchira, ndi ndowe zonga utuchi mkati mwa nsonga ya chimanga. Zonsezi ndinazijambulitsa ndi mizere yakuda, ndinathera sabata yathunthu ndikugwirizanitsa mawu ndi dzanja. Titaonetsa ku kalabu ina, bambo ena achikulire anayang'anitsitsa foni nati, "Alangizi, ameneyu si kapuchi yemwe timamudziwa kale?" Sanalakwe. Pa bolodi yoyera mbozi zonse zimafanana.

M'mawa mwake ndinapita nawo kumunda ndi foni yanga. Iwo anafunyulula nsonga ya chimanga ndi zala, utuchi uja n'kuonekera, mbozi n'kutuluka ikupindika. Tinaiika pachikhatho, ndinayandikiza kamera mpaka madontho anayi aja anaoneka bwinobwino. Vidiyo ya mphindi ziwiri, yogwedezeka, mphepo ikumveka, koma ndi yomwe anthu anatumizirana m'magulu ena mpaka inabwerera kwa ine ndemwe.

Chimodzimodzinso ndi manyowa a Mbeya. Mutha kulemba pa bolodi kuti sakanizani ndowe, madeya, phulusa ndi feteleza, mumange m'thumba masiku 21. Nanga chinyezi choyenera mungachijambule bwanji? Munthu amafunika aone dzanja lenileni likufinya manyowawo, madzi osadontha koma mbulumayo osamwazika.

Palinso nkhani ya nkhope. Anthu kuno amakhulupirira uthenga akamuona wonenayo. Funso lomwe ndalimva kawirikawiri ndi lakuti, "Akulankhulawo ndani?" Mlimi mnzawo akaima m'munda mwake n'kufotokoza, funsolo silibwera. Ndipo mavidiyo a bolodi amafanana kwambiri moti pofika wachitatu ena ankaganiza kuti ndatumizanso wakale uja, osautsekula n'komwe.

Zina ndi zing'onozing'ono koma zimawawa. Pa foni yaing'ono, munthu atakhala padzuwa, bolodi yoyera imathobwa m'maso ndipo mizere yopyapyala siioneka. Mawu athu a Chichewa ndi aatali, dzanja limachedwa kuwalemba pomwe wolankhula wapita kale patsogolo. Ukasintha liwu limodzi, uyenera kukonzanso nthawi ya zithunzi zonse zotsatira n'kudikira kompyuta itulutsenso vidiyo, magetsi akazima pakati uyambirenso. Malipiro akenso ndi a ndalama zakunja, zomwe kuzipeza masiku ano ndi ntchito payokha.

Choncho sindilipiranso mwezi ndi mwezi. Ndidzalipira mwezi umodzi wokha chaka chikamatha, magulu a banki m'khonde akamakonzekera kugawana. Ndalama yotsalayo ndagula kamaikolofoni kokoleka pakolala ndi choimikira foni cha miyendo itatu, ndipo sabata yamawa tikajambula kasungidwe ka chimanga m'matumba a PICS, aja osalowa mpweya, pakhomo pa mayi wina wa m'kalabu yathu.