Hita ya gasi ya mapanelo atatu: pamene imathandiza m'chisanu cha ku Lusaka, ndi pamene imavuta

Chisanu cha ku Lusaka sichiyenda mofanana, ndipo n'chifukwa chake kusankha chofunditsira nyumba kumavuta. Mzindawu uli pamtunda, mamita pafupifupi 1,280 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo mu Juni ndi Julaye mpweya umakhala wouma, kumwamba kopanda mitambo. Dzuwa likangolowa kutentha konse kumathawa, m'bandakucha kuzizira n'kufika pansi pa madigiri 10, koma masana munthu wavula kale juzi chifukwa kwafunda kupitirira madigiri 20. Kenaka pamabwera masiku angapo a mitambo ndi mphepo yochokera kum'mwera chakum'mawa, dzuwa osatuluka, ndipo sabata yotsatira kwafundanso. Nyumba zathu zambiri ndi za mabuloko ndi malata, pansi pa simenti kapena matailosi, zina zopanda siling'i. Makoma otere amasunga kuzizira kwa usiku, moti 10 koloko m'mawa m'nyumba mumazizira kuposa panja.

Chofunika m'nyengo yotere ndi chinthu chofunditsa msanga, kwa maola awiri kapena atatu, chosadalira magetsi. Kuyambira chilala cha 2024, pamene madzi anatsika ku Kariba ndipo madera ambiri ankakhala maola ochuluka tsiku lililonse opanda malaiti, anthu anaphunzira kuti hita ya magetsi imagwira ntchito pokhapokha kampani ya magetsi ya ZESCO ikalola. Ndiye ambiri atembenukira ku hita ya gasi ya mawilo, ija ya mapanelo atatu kutsogolo ndi silinda yobisika kumbuyo. Imapezeka m'masitolo aakulu ndi m'mashopu a zipangizo, chisanu chikamayandikira. Zambiri n'zochokera ku South Africa, za mayina monga Alva ndi Cadac, zina zopanda dzina lodziwika, koma kapangidwe kake n'kamodzimodzi.

Ndi kabokosi kachitsulo kofika m'chiuno kapena kucheperapo. Kumbuyo kumalowa silinda ya makilogalamu 9. Kuchokera pa silinda pali reguleta yotsitsa mphamvu ya gasi kufika pa 2.8 kPa, ndi paipi ya labala yomangidwa ndi timakilipi tachitsulo mbali zonse ziwiri. Kutsogolo, kuseri kwa waya wotchinga, kuli mapanelo atatu adothi lowotcha okhala ndi timabowo tambirimbiri. Gasi amayakira pankhope ya mapanelowo mpaka afiira. Pansi pake pali kamoto kakang'ono koyaka nthawi yonse imene hita ikugwira ntchito, waya womva kutentha kwa kamotoko wotchedwa thermocouple, ndi kansonga kotulutsa cheche choyatsira. Mapanelo onse atatu akayaka amatulutsa mphamvu pafupifupi makilowati 4.2, kuposa kawiri hita ya magetsi ya mawati 2,000.

Pa kufunditsa, palibe chodandaula. Pasanathe mphindi ziwiri mapanelo afiira ndipo amene wakhala patsogolo pake wayamba kumva kutentha pakhungu, mpweya wa m'chipinda usanafunde n'komwe. Apa ndi pamene imaposera hita ya magetsi ija ya zipsepse yokhala ndi mafuta mkati, imene imafuna theka la ola kuti imveke, mwina malaiti n'kupita isanathandize aliyense. Pabalaza la nyumba ya zipinda zitatu ya ku Chelstone kapena ku Kabwata, njira yabwino ndi kuyatsa mapanelo atatu kwa mphindi 10 kapena 15, kenaka kutsitsa pa limodzi. Kusiya atatu usiku wonse wa nkhani za pa TV n'kutaya gasi, ndiponso pamene pali hitapo sipakhalika.

Nayi masamu yake, chifukwa wogulitsa sangakuuzeni. Mapanelo atatu amadya magalamu pafupifupi 300 pa ola, limodzi pafupifupi 100. Silinda ya makilogalamu 9 idzatha m'maola ngati 30 mukamayatsa onse, kapena kuyandikira maola 90 pa panelo limodzi. Banja loyatsa maola atatu madzulo, kotala ya ola pa atatu ndi nthawi yotsalayo pa limodzi, limatha gasi wosafika theka la kilogalamu patsiku, ndiye silinda imodzi ingapitirire masabata atatu. Pofuna kuyerekeza ndi magetsi, kilogalamu imodzi ya gasi ili ndi kutentha kofanana ndi mayunitsi pafupifupi 13. Tengani mtengo wa kilogalamu kumene mumadzazitsa, mugawe ndi 13, muyerekeze ndi mtengo wa yuniti pa lisiti lanu. Pa mayunitsi oyambirira a mwezi magetsi ndiwo otsika mtengo. Koma mitengo ya ZESCO ya m'nyumba imakwera malinga ndi kuchuluka kwa mayunitsi ogulidwa m'mwezi umenewo, ndipo hita ya mawati 2,000 yoyaka maola asanu patsiku imameza mayunitsi 10, kutanthauza 300 pamwezi, zimene zimakankhira nyumba pa mtengo wapamwamba. Komabe gasi sagulidwa chifukwa chotchipa. Amagulidwa chifukwa amayaka nthawi imene mwamufuna.

Amene ali ndi invata asayese n'komwe kulumikizapo hita ya magetsi. Batire la 12V, 100Ah limasunga mayunitsi 1.2 okha, ndipo ngati ndi la mtovu muyenera kugwiritsa theka lake kuti lisafe msanga. Hita ya mawati 2,000 imamaliza zimenezo pasanathe mphindi 20, ngati invatayo siinadzizimitse kale.

Kulumikiza silinda ndi pamene ambiri amalakwitsa. Mazinga a reguleta ya mtundu uwu ndi akumanzere: pomanga mumazungulitsa mobwerera, mosiyana ndi botolo kapena bawuti wamba. Ambiri amakakamiza kumanja n'kuwononga mazinga. Kunsonga kwa reguleta kuli kalabala kozungulira. Kakang'ambika kapena kakasowa, gasi amatuluka ngakhale mumange ndi mphamvu zonse. N'kotchipa, ndipo ndi bwino kusunga tiwiri tapadera. Mukamanga, sungunulani sopo m'madzi, tsegulani silinda hita ili chizimire, pakani thovu pa reguleta ndi pamene paipi yalowa mbali zonse. Thovu likamafufuma, pali podontha. Machesi sayeserapo gasi. Ndipo ntchito yosintha silinda ichitikire pakhonde, kutali ndi mbaula, kandulo ndi wosuta fodya, chifukwa gasi ameneyu ndi wolemera kuposa mpweya, sakwera kukatulukira pa windo koma amayala pansi.

Poyatsa, tsegulani silinda kamodzi kapena kamodzi ndi theka, osati mpaka kumapeto, kuti potseka mwadzidzidzi musachedwe. Dinikizani batani lalikulu pa chizindikiro choyatsira, mugwire choncho masekondi 10 kapena 15, kenaka dinani choyatsira mpaka kamoto kayake. Musasiye batani pompo. Pitirizani kuligwira masekondi ena 15 kuti thermocouple itenthe, chifukwa ndi iyo imene imagwira valavu kuti ikhale yotseguka. Silinda ikakhala yatsopano m'paipi mumakhala mpweya wamba, ndiye ulendo woyamba umatenga nthawi. Si kuti hita yafa. Pozimitsa yambani kutseka silinda, gasi wa m'paipi apse athe, kenaka batani.

Dandaulo limene okonza amalimva kwambiri ndi lakuti kamoto kamayaka koma kamazima munthu akangosiya batani, kapena hita imayaka mphindi zisanu n'kudzizimitsa. Kawirikawiri vuto ndi fumbi. Hita imakhala pakona kapena m'stoo kuyambira Seputembala mpaka Meyi, imamwa fumbi la mphepo ndi la misewu yadothi, akangaude n'kumanga m'kabowo kolowetsa mpweya ku kamoto. Lawi limafooka, limasanduka lachikasu, silifikanso bwino pa nsonga ya thermocouple, valavu n'kutseka. Mankhwala ake ndi kuchotsa silinda, kupemerera kabowoko ndi pampu ya njinga kapena mpweya wa kompuresa wochepa mphamvu, ndi kupukuta nsonga ya thermocouple. Singano kapena waya musalowetse m'kabowo ka gasi. Kakangokula pang'ono kamoto kamasintha kayakidwe ndipo chitetezo chake chatha. Zikakanika, thermocouple yatha kapena nati yake yamasuka, ndipo imeneyo ndi ntchito ya wodziwa za gasi. Kuphimba hita ndi pulasitiki kapena katoni yake chisanu chikatha kumapewetsa zonsezi.

Koma nthawi zina hita ikadzizimitsa imakhala ikugwira ntchito yake. Kamoto kaja kanapangidwa mwadala kuti kazinyamuka n'kuzima okosijeni akatsika m'chipinda, kuchoka pa 21 peresenti kufika cha m'ma 18. Chimenechi ndicho amachitcha ODS, ndipo hita yopanda chizindikiro chake pa katoni kapena m'kabuku si yogula, ngakhale mtengo ukhale wokopa. Pali anthu amene amamanga batani ndi waya kapena kupanikiza ndi kamtengo kuti hita isazimenso. Kutero n'kuchotsa mlonda yekhayo amene ali m'nyumbamo. Hita ikazima m'chipinda chotseka, tsegulani windo kaye musanaganize zoti yawonongeka. Dziwaninso kuti ODS sayeza utsi wakupha wa carbon monoxide; amangoona kuchepa kwa okosijeni.

Hita imeneyi ilibe chumuni. Zonse zimene gasi watulutsa poyaka zimatsala m'chipinda, ndiye windo liyenera kukhala lotseguka mpata wa zala ziwiri, ndipo timabowo ta mpweya ta pamwamba pa khoma, timene ambiri amatseka ndi nyuzipepala mu Juni, titsegulidwe. M'chipinda chogona ndi m'bafa siyiloledwa, ndipo opanga amalemba zimenezo poyera. Apa ndi pamene ndikuona kuti si ya aliyense. Banja lokhala m'chipinda chimodzi ku Kanyama, ku Chawama kapena ku Mtendere, mmene pabalaza ndi pogona ndi malo amodzi, makilowati 4 ndi ochuluka, mpata wa mita imodzi kuchokera ku bedi, makatani ndi sofa palibe, ndipo chiyeso chogona hita ikuyaka n'chachikulu. Kumeneko ndalama yomweyo ingachite zambiri pogula mabulangete olemera, kapeti kapena mphasa pansi, botolo la madzi otentha, ndi kutseka mpata wa pansi pa chitseko.

Ena adzati mbaula ilipo kale ndipo malasha amagulika pang'onopang'ono. N'zoona, ndipo pakhonde mbaula ilibe mnzake. M'nyumba yotseka ndi nkhani ina. Malasha amatulutsa carbon monoxide wambiri ngakhale atafiira bwino osafuka, ndipo mpweya umenewu ulibe fungo kapena mtundu. Zizindikiro zake ndi mutu, chizungulire, nseru ndi kufooka, makamaka zikagwira anthu angapo m'nyumba imodzi nthawi imodzi. Wogona sadzuka kuti azimve. Zikachitika, kaya ndi mbaula kaya ndi hita ya gasi yoyaka molakwika, tulutsani onse panja ndi kuthamangira kuchipatala chapafupi, kaya ku Matero, ku Chilenje, ku Levy Mwanawasa kapena ku UTH. Mkaka sumachotsa mpweya umenewu m'magazi.

Chokhumudwitsa china chimene ogula sachiyembekezera ndi chinyezi. Kilogalamu imodzi ya gasi ikapsa imatulutsa madzi opitirira lita imodzi ndi theka ngati nthunzi. Mu mpweya wouma wa Julaye pang'ono pokha sizivuta, mwina zimathandiza kukhosi. Koma m'nyumba yotsekedwa kwambiri nthunziyo imakagwera pa magalasi ndi makoma ozizira, mawindo n'kumachucha m'mawa, nkhungu n'kuyamba kuseri kwa wadiropu. Kuyanika yunifolomu ya ana kapena matewera pa waya wakutsogolo kumawonjezera chinyezicho, ndipo ndiyo njira yachidule yoyatsira nyumba.

Mawilo ndi ofooka pa mitundu yambiri: tipulasitiki tating'ono tonyamula hita pamodzi ndi silinda yodzaza, imene payokha imalemera pafupifupi makilogalamu 20. Amakodwa pa mphako za matailosi ndi pa chiundo cha chitseko. Musaikoke ikuyaka. Waya wakutsogolo umatentha kwambiri ndipo mipata yake imalowa chala cha mwana wokwawa, choncho m'nyumba ya ana aang'ono pafunika wamkulu pafupi nthawi zonse. Choyatsira nachonso chimatopa pakapita zaka; nthawi zambiri kansonga kake kamangokhala kapindika kapena kada.

Pogula, tsegulitsani katoni mushopu momwemo. Yang'anani mapanelo pa kuwala: mng'alu ngakhale waung'ono umachititsa moto kubwerera mkati, hita n'kumaphulika timaphokoso kapena kulira ngati ikuwomba mluzu, ndipo yotero siyiyatsidwanso mpaka panelo lisinthidwe. Funsani ngati reguleta ndi paipi zili momwemo, ndipo onani kuti reguletayo ikulowa pa silinda imene muli nayo, popeza timasilinda ting'onoting'ono tophikira tili ndi pakamwa pena. Pa paipi pamadindidwa chaka chimene inapangidwa. Ipindeni, ikaonetsa ting'alu musinthe. Funsaninso kumene mungapeze thermocouple ndi mapanelo apadera, chifukwa hita yopanda zosinthira imatha ndi chisanu chimodzi kapena ziwiri.

Podzazitsa, pitani kwa ogulitsa ovomerezedwa ndi bungwe la boma la Energy Regulation Board, ndipo silinda iikidwe pa sikelo inu mukuona. Kulemera kwa silinda yopanda kanthu kunadindidwa pa chogwirira chake. Mukawonjezera makilogalamu 9 mupeza chimene sikelo iyenera kuonetsa. Yoperewera ndiye kuti mwaberedwa, koma yopitirira ndiyo yoopsa, chifukwa silinda imayenera kudzazidwa cha m'ma 80 peresenti kuti gasi apeze malo ofufumira kukatentha masana. Ngati nyumba imaphikiranso gasi, khalani ndi masilinda awiri, ndipo dzazitsani mu Meyi kapena tsiku limene kwafunda. Mitambo ija ikabwera malaiti n'kupita, aliyense amakumbukira gasi tsiku lomwelo, ndipo mzere wake umatha theka la tsiku.