Algebra Kapena Statistics M'chaka Choyamba cha ku Koleji

Wophunzira amene wangolowa ku koleji, makamaka yemwe masamu ankamuvuta ku sekondale, nthawi zina amayenera kusankha pakati pa kalasi yothandizira algebra ndi phunziro loyamba la statistics. Onsewa ndi masamu, koma amaphunzitsa kaganizidwe kosiyana.

Algebra, dzina lochokera ku mawu a Chiarabu akuti al-jabr omwe katswiri wa masamu al-Khwarizmi anagwiritsa ntchito ku Baghdad m'zaka za m'ma 800, imafuna yankho lenileni: ngati 2x + 3 = 11, ndiye kuti x ndi 4 basi. Aliyense wofuna calculus (masamu apamwamba owerengera mmene zinthu zimasinthira), uinjiniya kapena fizikisi sangailambalale.

Statistics imafunsa kuti manambala tingawakhulupirire mpaka pati. Taganizirani anthu asanu azaka 20, 21, 22, 23 ndi 64. Avereji yawo ndi zaka 30, chonsecho palibe ngakhale mmodzi amene ali pafupi ndi msinkhu umenewo, pomwe nambala yapakati, yotchedwa median, ndi 22, ndipo ndiyo ikulifotokoza gululi moona. Wophunzira amazindikiranso kuti zinthu ziwiri zikamakwera limodzi sizitanthauza kuti china chikuchititsa chinzake, phunziro lomwe ngakhale akuluakulu ena owerenga kafukufuku amaliiwala.

Kwa ofuna unamwino, utolankhani kapena psychology, ine ndimaona kuti statistics imawapindulira msanga. Komabe amene ma fraction ndi ma square root amamusokonezabe adzavutika akafika pa standard deviation, muyeso wa mu statistics woonetsa mmene manambala atalikirana ndi avereji yawo, choncho iyeyo ndi bwino ayambe wadutsa m'kalasi yothandizira algebra ija.