Siketi ya tutu ya mwana: yomanga mfundo kapena yosoka?

Tutu ndi siketi yaifupi yofufuma, yopangidwa ndi neti. Musanapite kukagula netiyo, sankhani kaye ngati siketiyo mudzaimanga mfundo kapena mudzaisoka. Njira ziwirizi zimafuna nsalu yodulidwa mosiyana, ndipo zimatulutsa zovala zosiyana ngakhale pa chithunzi zimaoneka ngati chimodzimodzi. Yomanga mfundo ndi ya tsiku la phwando ndi zithunzi. Yosoka ndi chovala chenicheni, choti mwana akhale nacho pansi, athamange nacho, chichapidwe, mawa mng'ono wake adzavalenso.

Nsalu yake ndi ija ya timabowo yomwe mkwatibwi amafunda kumutu. M'masitolo amailemba kuti tulle, koma ambiri timangoti neti. Pali ya timipukutu ta masentimita 15 m'lifupi, tomwe kawirikawiri timakhala ndi mayadi 25, kapena kuti mamita pafupifupi 23. Palinso yoyeza pa mita, yomwe m'lifupi mwake imakhala masentimita 140 kapena 150, ina kuposa apo. Timipukutu ndi ta womanga mfundo, ya pa mita ndi ya wosoka. Ya pa mita mutha kuidula n'kumangira mfundo, koma kudula zidutswa 50 zowongoka pa nsalu yoterera chonchi kumatopetsa, ndipo zambiri zimatuluka zokhota.

Tiyambe ndi yomanga mfundo pa lasitiki, poti ndiyo imakopa anthu ambiri. Sifuna makina, singano ndi ulusi zimangogwira ntchito polumikiza lasitikiyo basi. Yezani chiuno cha mwana pa mchombo, asanavale zambiri. Titenge mwana wa zaka ziwiri kapena zitatu wa chiuno cha masentimita 52. Dulani lasitiki wa masentimita 2 m'lifupi, kutalika kwake 50, musanjikize nsonga zake masentimita 2 n'kusoka mwamphamvu. Mkombero wotsalawo ndi 48, wochepa dala kusiyana ndi chiuno, chifukwa mfundo zikachuluka zimamukoka lasitiki n'kumutalikitsa. Mukamudula molingana ndi chiuno, siketi imatsika mwana akangoyamba kudumpha.

Chidutswa chilichonse cha neti chimapindidwa pakati, choncho chitalike kawiri kuposa siketi, kuphatikizapo masentimita 3 a mfundo. Siketi ya masentimita 25, yomwe imalekezera pamwamba pa mawondo a mwana wotere, imafuna zidutswa za 53. Osayeza chimodzichimodzi. Dulani katoni yotalika masentimita 26 ndi theka, muzungulize neti kuchokera uku kukafika uko maulendo 20, mumange ndi mphira kuti isasunthe, kenako mudule mbali imodzi yokha. Mukadula mbali zonse ziwiri mwaononga, zidutswa zonse zatsala theka.

Kolekani lasitiki pa chidebe kapena pa ntchafu yanu, osamukoka kwambiri. Pindani chidutswa pakati, mulowetse popindapo kunsi kwa lasitiki, michira iwiri ija idutse mu kabowo kapangikako, mukoke. Apa ndi pamene ambiri amalakwitsa: amakoka ndi mphamvu zonse poopa kuti imasuka. Mfundo yothina imamufinya lasitiki n'kukhala ngati chingwe, amasiya kutamuka bwino ndipo amadinda mwana m'chiuno. Kokani mpaka mfundo itagwira lasitiki akadali wophwatalala. Zonse ziyang'ane mbali imodzi, ndipo muzizikankhira pamodzi mukamanga zisanu zilizonse. Chiuno chimenechi chimadya zidutswa 50 mpaka 60. Zidutswa 55 ndi mamita 29, ndiye kampukutu kamodzi sikakwana, gulani tiwiri. Ngati mukufuna yofufuma kwambiri, mangani zidutswa ziwiriziwiri pa mfundo imodzi, ndipo mudzafunika timipukutu titatu. Ntchito yonse ndi ya ola limodzi kapena awiri.

Ikangotha kumangidwa imakongola kwambiri, ndipo pa kusewera ndi mitundu palibe yoiposa: ziwiri zapinki, chimodzi choyera, mobwerezabwereza, mizere yake imaoneka bwino. Vuto lake limabwera mwana akaivala. Zidutswa sizinalumikizane, choncho akawerama kapena kukhala pansi zimapatukana, thewera kapena kabudula wamkati n'kuonekera. Ayenera kuvala kathalauza kothina mkati, komwe kamatetezanso khungu, chifukwa m'mphepete mwa neti yodulidwa mumakanda ndipo mfundo zimagunda pamimba. Pofika madzulo zidutswa zimakhala zitapotana, zitakola udzu ndi chisoso, ndipo muyenera kuziwongola ndi zala chimodzichimodzi.

Ena m'malo mwa lasitiki amagwiritsa ntchito riboni. Mumawonjezera mita imodzi pa muyezo wa chiuno kuti mupeze pomangira kumbuyo, n'kumanga mfundo ziwiri pa riboniyo posonyeza polekezera neti kuti isapulumuke. Ubwino wake ndi umodzi: ngati ndi mphatso ya mwana amene simunamuyeze, idzamukwana ndithu. Kupatula apo ndi njira yofooka pa zonse. Riboni sitamuka, ndiye mukamanga mothina mwana akadya imamupweteka, mukamanga molekerera imatsika. Riboni yosalala yonyezimira imamasuka yokha. Ya mizeremizere imagwira bwinoko. Kwa khanda ayi, michira yaitali imeneyo si yoti azisewera nayo.

Pali njira ina yabwino kwa makanda, ya lamba woluka wa timabowo, uja amavalitsa ana kumutu. Mfundo mumazimanga m'timabowo, mizere iwiri kapena itatu, kuyambira mzere wapansi, ndipo kusiya mzere wapamwamba wopanda kanthu kumachititsa kuti pakhungu pagunde ulusi wofewa osati mfundo. Kasingano kolukira kamathandiza kukoka neti m'timabowomo. Lamba ameneyu ndi wamng'ono ndipo amalendewera msanga akalemedwa, choncho kwa mwana wopitirira zaka ziwiri bwererani ku lasitiki.

Tsopano yosoka. Imafuna makina ndi kudekha kwa theka la tsiku, koma nsalu imalowa yochepa. Apa muyeze malo awiri, chiuno ndi kuzungulira matako, chifukwa siketi iyenera kudutsa pamenepo povala. Neti ya masentimita 150 m'lifupi ndi pafupifupi katatu chiuno cha mwana wathu uja, ndipo katatu ndi poyambira kuti makwinya aoneke. Dulani magawo anayi mopingasa nsalu, lililonse masentimita 27. Mita imodzi ndi theka yakwana ndi kutsala. Kuti ifufume ngati ya ovina, gawo lililonse likhale la zidutswa ziwiri zolumikiza, ndipo mugule mamita awiri ndi theka. Onjezani theka la mita la nsalu yamkati. Satini amanyezimira koma amatentha. M'miyezi ya October ndi November thonje lopyapyala ndilo labwino. Nsalu yamkatiyi ikhale yaifupi masentimita 2 kapena 3 kusiyana ndi neti, ndipo m'lifupi ikhale kamodzi ndi theka muyezo wa matako kuti mwana atambasule miyendo.

Neti siyoyoka ulusi ikadulidwa, ndiye simupinda m'munsi, koma nsalu yamkati yokha ipindeni. Lumikizani gawo lililonse palokha kuti likhale mkombero, ndipo posanjikiza misokoyo isagwere malo amodzi, apo ayi pamaoneka mzere wokhuthala. Pokwinya ikani makina pa msoko wautali kwambiri, mamilimita 4 kapena 5, musoke mizere iwiri yoyandikana osabwerera m'mbuyo kumapeto, kenako mukoke ulusi wa bobini, wapansi uja, pang'onopang'ono. Mizere iwiri ndi yofunika chifukwa umodzi ukaduka pakati, winawo umagwira makwinya. Kwinyani magawo awiriawiri. Onse anayi pamodzi amadula ulusi. Ndipo mukwinye mpaka muyezo wa matako kuwonjezerapo masentimita 5, osati muyezo wa chiuno. Msoko wowongoka sutamuka. Mukakwinya kufika pa chiuno, siketi imatha bwinobwino koma osalowa, ndipo mukakakamiza msoko umaphulika.

Mano a makina amakonda kumeza neti poyambira. Ikani pepala lopyapyala pansi pake, musoke pamodzi, mudzalichotse pong'amba. Singano ikhale yaing'ono, nambala 70 kapena 75. Maphini amapulumuka m'timabowo, choncho alowetseni kawiri kapena mugwirize ndi ulusi wapamanja. Pa lamba wa m'chiuno pali njira ziwiri. Ngati makina ali ndi zigizagi, sokerani siketi pa lasitiki wamkulu wa masentimita 4, mukumukoka posoka. Makina opalasa ndi phazi omwe atelala ambiri a pakhonde ali nawo amasoka mowongoka mokha, ndiye apa pamafunika lamba wansalu: kansalu ka masentimita 8 m'lifupi, kopinda pakati, kosokeredwa pa makwinya, lasitiki wocheperapo m'lifupi n'kulowa mkati mwake ndi phini. Lamba wansaluyu amaphimba m'mphepete monse mokanda, ndipo ndi chifukwa chake mwana sadandaula ngakhale ataivala tsiku lonse. Lasitiki akatha mphamvu mumangomusolola n'kuikamo wina.

Choncho kwa ana operekeza mkwatibwi, amene avale kuyambira kutchalitchi mpaka kuvina pa perekaniperekani, kapena pa mwambo wotsanzikana ku sukulu ya mkaka, yosoka ndiyo yoyenera, ngakhale mulipire telala. Ya mfundo isungireni zithunzi za mwana wokwanitsa chaka, kapena sewero la kusukulu lofuna masiketi khumi sabata yomweyo.

Mtundu wa neti umasintha zambiri. Yofewa imagwa bwino ndipo sikanda, yolimba imaima yokha koma imapweteka khungu. Pa siketi ya mfundo gulani yofewa yokhayokha. Pa yosoka mutha kuika gawo limodzi lolimba pamwamba pa nsalu yamkati kuti linyamule enawo, ofewa n'kukhala kunja. Mtundu wakuda pansi, wowala pamwamba. Neti yothira zonyezimira imayoyola timchenga take paliponse, m'maso ndi m'kamwa momwe, choncho khanda isamuyandikire. Pa kaunjika, diresi lakale laukwati kapena pitikoti yake zimapereka neti yofewa yambiri pa mtengo wotsika, ndipo ndi yabwino kwa wosoka ikachapidwa kaye. Neti yogonamo ndiye ayi. Yambiri ili ndi mankhwala ophera udzudzu, si yoti igunde khungu la mwana tsiku lonse, ndipo ntchito yake ndi kuteteza malungo.

Chinthu chimodzi sichisankha njira: moto. Neti ndi ya nayiloni kapena poliyesita, ikagwira moto imasungunuka n'kumatirira pakhungu. Siketiyi imatambalala kuposa mmene mwana akuganizira, makamaka ya mfundo, ndiye akamadutsa pafupi ndi mbaula kapena kuweramira makandulo a pa keke nsonga zake zimafika pamoto iye asanafike. Wamkulu agwire siketi pozimitsa makandulo, ndipo kukhitchini mwana asalowe ataivala. Akagona muvuleni.

Pa chifukwa chomwechi simbi yamakala isakhudze neti, imaboola nthawi yomweyo. Makwinya osafunika amachoka ndi nthunzi: ikolekeni m'bafa pamwamba pa beseni la madzi otentha, kapena muiwaze madzi pang'ono n'kuisiya usiku wonse. Yosoka ichapeni ndi manja m'madzi ozizira ndi sopo pang'ono, osapotokola, muyanike pamthunzi. Ya mfundo ipukuteni pamene pada pokha, chifukwa mukaiviika yonse n'kuifikisa zidutswa zimalukana. Zonse ziwiri zisungeni zokoleka mozondoka, lamba pansi, kuti zisaphwe.

Mukapita kwa telala mutenge mwanayo kapena miyezo itatu yolemba papepala: chiuno, matako ndi kutalika. Munene chiwerengero cha magawo omwe mukufuna, mupemphe nsalu yamkati ndi lamba wansalu, ndipo akusiyireni kampata kosasoka pa lambayo mpaka mwana atayesa, kuti lasitiki afupikitsidwe ngati watalika.